Chenjezo Tizibisira Ndani?

Abale a m'gulu muno, funso la sabata ino ndalitola mu minibasi pa Biriwiri, pamsewu wa M1. Kutsogolo kwa dalaivala kunkayaka kagetsi kofiira. Mkuluyo anangomatapo tepi, ati kakuopseza makasitomala.

Musafulumire kumuweruza. Ngakhale oyendetsa mawebusayiti a MediaWiki, pulogalamu yomwe Wikipedia imagwiritsa ntchito, amabisa machenjezo. China chake chikalakwika, uthenga wake umatha kuulula malo enieni amene fayilo ili pa seva. Wokonza zimamuthandiza, koma wakuba naye waona polowera. N'chifukwa chake amalangizidwa kuti mlendo asauone uthengawo, koma uzilembedwa mu log, momwe wokonza amawerenga.

Kusiyana kwagona apa. Iwowa chenjezo salitaya, amangolipititsa kwa woyenera kulimva. Dalaivala uja anatibisira ife, nadzibisiranso yekha, pomwe moyo wathu unali m'manja mwake.

Ndiye inuyo, musanamutseke pakamwa mwana wanu, akunyumba kwanu kapena mnzanu wa kuntchito, dzifunseni: ndikatseka apa, nkhaniyi aimva ndani? Ngati palibe, matulani tepiyo. Paja wakutsina khutu ndi mnansi.

Nanga inu mukuti bwanji?