Kodi Ulemu Ndi wa Womwetsa Cigoli Yekha?

Pa msika wa Lundazi mkangano wa mpira sucedwa kubuka. Malonda akazizira masana, anyamata ogulitsa salaula ndi madoda ogulitsa nyemba amaunjikana pamthunzi, ndipo funso limakhala lomwelija: kodi katswiri woposa onse ndani? Anyamata, ambiri atavala majezi a Arsenal ndi Manchester United, amachula maina a ku Ulaya. Madoda amene anakula akumvetsera mau a Dennis Liwewe pa wailesi amayamba ndi Godfrey Chitalu ndi Kalusha Bwalya. Koma mukakhala nao kanthawi mudzaona cinthu cina. Mkulu wokonda Mufulira Wanderers akamakamba za Kalusha amakweza mau, ngati akuwerengera anthu nyuzipepala. Akafika pa Ashious Melu kapena Harrison Chongo, anyamata amene anali kuchinga kumbuyo, mau amatsika, ndipo amalankhula monga munthu wokumbukira mbale wake.

Acinyamata anzanga, m'kutsika kwa mau kumeneku muli funso loyenera kukambirana m'magulu athu. Kodi ndi cilungamo kuti ulemu wonse upite kwa womwetsa cigoli? Nanga amene sanachuke, kodi cikondi ca masapota ocepa amene akuwakumbukirabe cikukwanira kuwalipira?

Tiyambe ndi caka ca 1988. Pa masewera a Olympics ku South Korea, Zambia inagonjetsa Italy ndi zigoli 4 kwa 0. Kalusha anamwetsa zitatu, ndipo caka comweco anasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu Africa yense. Aliyense amadziwa za 4 uja. Koma ndi angati amene amaganizira za 0? Kuti Italy ituluke m'bwalo cimanjamanja, panali anthu amene anathamanga mphindi 90 osapuma. Pagolo panali David Efford Chabala. M'timu imeneyo munalinso Melu, Samuel Chomba, Derby Makinka ndi Charles Musonda, anthu olanda mpira ndi kuupereka kutsogolo. Chabala yemweyo ndiye anagwira mapenate pamene Zambia inapambana Malawi mu ndime yomaliza ya cikho ca CECAFA mu 1984, nkhani imene anzathu a kutsidya kwa malire, ku Mzimba, sakonda kukumbutsidwa.

Cimene cimacititsa zimenezi si nkhanza ai. Cigoli cimawerengeka. Cili ndi mphindi yake, dzina la mwini wake, ndipo mawa cimalembedwa pa pepala. Koma nchito ya wochinga kumbuyo ndi cinthu cimene sicinacitike: cigoli cimene cikanalowa koma sicinalowe. Kodi cinthu cosacitika mungacilembe bwanji? Wapagolo akagwira mipira khumi timati ndi nchito yake. Ukampulumuka umodzi, mudzi wonse umaudziwa. Ndi mmenenso ziliri pa msika pomwepa. Nyemba za ku Lundazi zimachuka mpaka ku Lusaka, koma wogula amaona wogulitsa yekha. Saona mai amene anapalira munda, kapena mnyamata amene anadzuka kusanace kumanga ng'ombe pa ngolo. Wosesa pa msika timamukumbukira tsiku limene sanabwere.

Pali cinanso cokhumudwitsa. Mu 1994, ku Tunisia, Elijah Litana, wochinga kumbuyo, anamwetsa cigoli ca Zambia kuciyambi kwa ndime yomaliza ya cikho ca Africa, ngakhale Nigeria inapambana 2 kwa 1. Mu 2012 Stoppila Sunzu, nayenso wochinga kumbuyo, anamwetsa penate imene inabweretsa cikho kwathu. Funsani anthu za awiriwa, adzakuuzani za zigoli zimenezo. Ndiye kuti ngakhale wochinga timamulemekeza pa tsiku limene wacita nchito ya wina. Nchito yake yeniyeni ya zaka ndi zaka timailumpha.

Pano ndiyenera kucenjeza, cifukwa nkhani ngati iyi imakopa anthu a nsanje. Alipo ena amene amayamikira wosachuka osati cifukwa comukonda, koma kuti acepetse wochuka. Enanso amachula maina oiwalika pofuna kuonetsa kuti iwo amadziwa mpira kuposa anzao. Zonsezi si cilungamo. Kalusha sanabe ulemu wa munthu. Kumwetsa Italy zigoli zitatu si masewera a ana, ndipo dziko litagwa m'cisoni mu 1993 ndiye anatsogolera timu yatsopano. Kumutsitsa iye sikukweza Makinka. Colakwa cathu si kuombera m'manja womwetsa. Ndi kutsitsa manja tisanamalize.

Usiku wa pa 27 April 1993 ndege imene inanyamula timu yathu kupita ku Senegal inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville, ku Gabon. Anthu 30 anafa, mwa iwo osewera 18. Yesani izi pa msonkhano wa gulu lanu: aliyense achule maina amene akuwakumbukira. Ambiri adzachula Chabala ndi mphunzitsi Chitalu, munthu wa zigoli 107 za mu 1972. Ena adzaonjeza Kelvin Mutale, amene anali atangomwetsa zitatu ku Mauritius masiku awiri m'mbuyo mwake, ndi Wisdom Chansa wa Power Dynamos. Kenaka padzakhala zii. Koma m'ndegemo munalinso John Soko, Whiteson Changwe, Eston Mulenga, Robert Watiyakeni, Kenan Simambe, Winter Mumba, Moses Masuwa, Richard Mwanza ndi ena. Munalinso Makinka, mmodzi wa osewera atatu a ku Zambia amene anapita kukasewera ku Soviet Union mu 1989. Onsewa anaikidwa pamodzi ku Heroes' Acre, pafupi ndi bwalo la Independence ku Lusaka, ndipo onse timawachula kuti ngwazi. Koma n'cifukwa ciani kunatengera imfa kuti wochinga ndi womwetsa aime pa mzere umodzi?

Apa ndi pamene ndimakayikira cikondi ca masapota, ngakhale ndimacilemekeza. Ndi cikondi ceniceni, cifukwa sicicokera m'nyuzipepala. Wosapota amene anakhala pa bwalo la Shinde sabata ndi sabata, mvula ndi dzuwa, anaona zimene wolemba zigoli sanaone: yemwe anabwerera kudzathandiza mnzake atataya mpira, yemwe anasewera ndi bondo lopweteka, yemwe sanataye mtima timu ili kumbuyo ndi zigoli ziwiri. Khoti la masapota limacedwa kugamula, koma kawirikawiri limagamula bwino kuposa la atolankhani. Vuto lake ndi kucedwako. Cikumbutso sicigula ufa, sicilipira sukulu ya mwana. Mabanja a amene anafera ku Gabon anadikira mpaka 2002 kuti alandire cipukuta misozi, pamene dziko lonse linali kuimba maina a amuna ao ndi atate ao caka ndi caka. Ndipo kuyamikira munthu amene sangamvenso n'kochipa, pakuti sikutilamula kucita kanthu.

Maganizo anga ndi akuti ulemu uli ngati ngongole yacilendo: wogwira nchito sangaicite kulipitsa, koma amene anaona nchitoyo ali ndi mlandu akapanda kuipereka. Wosewera amene amathamanga pokhapokha pamene anthu akumuyang'ana sanamvetse mpira, ndipo amene amasunga cakukhosi cifukwa sanachulidwe amadziononga yekha. Komabe zimenezi sizitimasula ife oonerera. Kunena kuti "amacita mwa kufuna kwake, safuna kuyamikiridwa" nthawi zambiri ndi njira yobisira ulesi wathu.

Tisapite kutali. Pa timu ya gulu lanu, ndi angati amalimbirana jezi ya nambala 9 kapena 10, ndipo ndi angati amapempha nambala 3? Ndani amalemba mizere ya bwalo ndi phulusa? Ndani amasoka mpira ukang'ambika, kucapa majezi, kutunga madzi akumwa pa nthawi yopumula? Ngati mwayamba mwaganiza musanapeze dzina, ndiye kuti munthuyo wakhala akutumikira anthu osamuona. Ndipo nthawi zambiri, tinene zoona, ocapa ndi otunga madziwo ndi atsikana, amene pa cithunzi ca timu sakhalapo.

Pa 12 February 2012, mu mzinda womwewo wa Libreville, Zambia inakumana ndi Ivory Coast mu ndime yomaliza. Joseph Musonda, wochinga kumbuyo amene anali atatumikira timu ya dziko zaka zambiri, anavulala masewera atangoyamba kumene, natuluka m'bwalo akulira. Sanaone nao kuchinga Didier Drogba mpaka kumapeto, sanamenye nao mapenate amene anatha 8 kwa 7. Sunzu atamwetsa, osewera onse anathamangira kukakondwera, ndipo Musonda anatsala pambali cifukwa sanathe kuyenda. Mphunzitsi Hervé Renard anamunyamula m'manja, nayenda naye mpaka pamene panali anzake, namutsitsa pakati pao.