Kodi Nchito Ipatsidwe kwa Yani?

Anyamata a ku Zemba ndi midzi yina ya ku Chadiza amene anapita ku migodi ya mkuwa m'masiku a Azungu anakapeza mwambo wolimba, wakuti nchito za malipiro abwino nza Azungu okha. M'caka ca 1948 Dalgleish ndi anzace, atafufuza, ananena kuti munthu wakuda angathe kugwira zina mwa nchitozo, koma mau ao anangogona m'mapepala. Pambuyo pace Ronald Prain, mkuru wa Rhodesian Selection Trust, anatsutsa mwambowo, ngakhale anadziwa kuti Azungu angathe kunyanyala, migodi ya ku Luanshya ndi Mufulira nkuima. M'caka ca 1955 mitundu 24 ya nchito inatsegukira anthu akuda. Sicinali cifundo cokha ai, pakuti kampani inaonamo phindu. Komabe kulimba mtima kunalipo.

Mlandu womwewo umgwera kapitao wa Cicewa lero, ndipo kwa iye ngwowawa koposa. Malo a nchito ndi amodzi. Pakhomo paima mwana wa mlongo wace, ndi mnyamata wina wacilendo amene adziwa nchitoyo bwino. Mwambo uti mtsibweni ndiye mwini mbumba, ndipo mwambowo suli wopusa: unalera ana amasiye ambiri. Koma malowo si munda wa makolo ace kuti augawe. Akalemba mbale wace, wamana mlendoyo cifukwa ca kubadwa, monga Azungu anamana atate ace. Akalemba mlendoyo, mlongo wace adzaleka kumlonjera, ndipo pa maliro a kumudzi adzakhala yekha pa mphasa.