MLENDO PACITSIME: MAU KWA OFUNA NCHITO KU NYANJA

(Werengani Eksodo 2:11-22, ndi Macitidwe 18:1-3.)

Mwezi uno tifuna kulankhula ndi inu amene mwafika posacedwa m'dziko lino la Salima, ndipo kufikira lero simunapeze nchito. Tidziwa kuti muli ambiri. Ena mwatsika ku mapiri a Dowa ndi Dedza, kumene minda yacepa ndi ana acuruka. Ena mwabwerako ku Joni cimanjamanja. Ena munali ndi mpando wanu m'ofesi ku Lilongwe, koma nchito inatha, ndi nyumba ya lendi inakukanani. Enanso munasamuka pamene nyanja inakwera m'caka ca 2024, nilowa m'nyumba za m'mphepete mwace. Njira munadzera nzosiyana, koma bvuto lanu ndi limodzi.

Bvutolo tilidziwa maonekedwe ace. Munthu alawira mamawa, abvala malaya ace abwino, atenga makalata ace a sukulu, nayenda pa Kamuzu Road khomo ndi khomo. Mawa lace apita ku nyumba za alendo ku Senga Bay, mkuca akaima pa cipata ca fakitale. Ponseponse amuuza kuti, Bwerani sabata ya mawa. Madzulo abwera ndi pfumbi ku mapazi, ndipo mkazi wace samfunsa kanthu, pakuti nkhope yanena kale. Njala iwawa, inde. Koma ciripo cina cowawa koposa, ndico kutayika kwa dzina. Kwao anamuchula aphunzitsi, kapena akalaliki, kapena adalaivala. Kuno angoti, uja wobwera uja. Cifukwa cace munthu aumirira kufuna nchito yomwe ija anasiya, poyesa kuti akaipeza dzina lace lidzabwera.

Tsono taonani Mose. Iye analeredwa m'nyumba ya Farao, naphunzira nzeru zonse za Aigupto, ndipo pokhala wa zaka 40 anathawa, nafika ku Midyani, dziko la abusa ndi mahema. Kumeneko kunalibe nyumba ya mfumu yakuti ifune mlembi, kunalibe bwalo lakuti lifune mwana wa cifumu. Akadati, Ine ndidzangogwira nchito yoyenera maphunziro anga, akadafa ndi njala ali ndi nzeru zace zonse m'mutu. Koma iye anakhala pansi pacitsime. Tisapitirire msanga pa mau amenewa. M'dziko louma citsime ndico mtima wa mudzi: pomwepo munthu aona amene ali ndi zoweta, amene ali ndi mphamvu, amene asautsidwa, ndi cimene anthu asowa. Mose anakhala, napenya. Anafika ana akazi 7 a wansembe wa dzikolo kudzamwetsa nkhosa za atate wao, ndipo abusa ena anawapitikitsa. Mose ananyamuka, nawachinjiriza, natunga madzi, namwetsa nkhosazo. Panalibe anamlemba nchito, panalibe anamlonjeza malipiro. Anaona posowa manja, naikapo manja ace. Tsiku lomwelo anaitanidwa kukadya, ndipo m'nyumba imeneyo anapezamo nchito, ndi banja lomwe.

Nanga nchitoyo inali yotani? Kuweta nkhosa. Buku la Genesis litiuza kuti Aigupto ananyansidwa nao abusa. Tsono munthu woleredwa kwa Farao analandira nchito imene anaphunzitsidwa kuinyoza ciyambire ubwana wace. Anaigwira zaka 40. M'zaka zimenezo anadziwa njira za m'cipululu, podikira madzi, nyengo za msipu, ndi kuleza mtima kumene ziweto zosamva ziphunzitsa munthu. Pamene Mulungu anamuitana pa citsamba coyaka moto anampeza ali pa nchito, ndodo ya ubusa iri m'dzanja. Ndipo potsogolera Aisrayeli anasowa zonse ziwiri, nzeru za kwa Farao ndi nzeru za kubusa. Sitinena kuti yense wa inu adzakhala Mose. Ambiri a ife tidzafa osadziwika kupitirira mudzi wacitatu, ndipo palibe kanthu. Tinena kuti nchito imene inakhutitsa moyo wace sanaipeza poyang'ana m'mbuyo ku Aigupto.

Dziko lino lomwe licitira umboni kuti nchito zimafa ndi kubadwa monga anthu. Pamene A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anayamba misyoni ya Mvera m'dziko la mfumu Chiwere m'caka ca 1889, khomo la dziko lino linali nyanja. Sitima za pamadzi zinatsitsa katundu pa Domira Bay, ndipo amuna ambirimbiri anadya za umtengatenga, kusenza mitolo pamutu kukwera nayo ku mapiri. M'caka ca 1935 njanji inafika ku Chipoka ndi ku Salima, ndipo doko la Domira Bay linayamba kuzirala. Ana a amtengatenga sanalowa nchito ya atate ao. Analima thonje, nagwira nchito pa siteshoni, nayendetsa magalimoto. Pambuyo pace anyamata anazolowera kupita ku migodi ya ku Joni ndi Wenela. Koma m'mwezi wa April 1974 ndege yonyamula anchito a ku Malawi inagwa ku Francistown, ndipo Dr Banda analetsa ulendowo. Amuna obwerako anayamba moyo wina, wina ndi makina osokera, wina ndi ukonde, wina ndi kasitolo. M'caka ca 2021 anatsegula pafupi ndi boma la Salima munda wa magetsi a dzuwa, wa mamegawati 60, cinthu cimene agogo athu sakadacilota konse. Pa mibadwo yonseyi amene anabvutika koposa ndiwo anakhala pa doko lakale kudikira sitima imene inaleka kubwera.

Tsono citsime ca Salima ciri kuti? Ciri pa doko mbandakuca, pamene asodzi a usipa akoceza, ciri pamsika, ciri m'madambo a mpunga a ku Lifuwu, ndi m'minda ya nzimbe ndi thonje. Tikupemphani, siyani makalata anu m'bokosi masiku atatu, mupite kumeneko, mukhale pansi, mupenye. Mudzaona kuti boti limodzi lidyetsa anthu ambiri osaponda m'madzi. Alipo wokhoma matabwa ace, alipo wosoka cilimira cikang'ambika, alipo wokonza injini, alipo wodzaza mabatire a nyali zokopera usipa usiku. Alipo amai oyanika pa thandala ndi owamba pamoto, ndi mnyamata wa kabaza wonyamula madengu kunka nao ku mseu. Mudzamvanso makangano pogawana ndarama, popeza panalibe wolemba bwino mafuta anagulidwa ndi nsomba zinagulitsidwa. Inu amene munali kalaliki, kodi si nchito yanu imeneyo, yangobvula taye? Magulu a banki mkhonde alira mlembi wokhulupirika. Inu amene munaphunzira kuwotcerera zitsulo kapena kulumikiza mipope ku Joni, werengani mijigo yakufa ndi ngolo zothyoka za m'midzi yozungulira. Inu mai amene munaphika m'nyumba za olemera m'tauni, penyani cimene adya anthu ogwira nchito pa doko, ndi nthawi imene acifuna. Kawirikawiri nchito yatsopano ndi luso lakale lomwe lija, limene lapeza anthu ena olisowa.

Koma enanu mudzayenera kuyamba pansi penipeni, ndipo apa ndipo pagona manyazi. Nkobvuta kwa munthu wa imvi kugwirira nyundo mnyamata wolingana ndi mwana wace, ndi kudzudzulidwa naye. Komatu akuru anati, safunsa anadya phula. Nyanja siwerenga makalata a munthu. Mwera ukayamba kuomba, kuyambira May kufikira August, wa kumtunda wolowa m'bwato ndi kudzikuza asiya mkazi wamasiye. Funsani eni nyanja, ndipo musasankhe. Ambiri a iwo ndi anansi athu Acisilamu, amene makolo ao akhala m'mbali mwa madzi awa mibadwo yambiri, ndipo Mose sanakana kuphunzira ubusa kwa Amidyani. Anyamata amene ali ndi makalata oyenera ayese ku Salima Technical College ku Senga Bay, kapena afunse za maphunziro a umisiri a TEVETA, bungwe limene boma linakhazikitsa m'caka ca 1999. Amene zitseko zimenezo zawatsekekera asataye mtima. Amisiri ambiri abwino anaphunzira pansi pa mtengo, pa benci la mmisiri mnzao.

Ganyu musamnyoze. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ndipo ana sadya ciyembekezo. Koma ganyu ndi mlatho, ndipo munthu samanga nyumba pamlatho. Pogwira ganyu dziwani cimene mulinkuphunzirapo, ndipo patulani kangacepe ka cipangizo canu coyamba, kaya ndi sowo, kaya ndi sikelo, kaya ndi poto wamkuru.

Tiyenera kunenanso za misampha, pakuti munthu wosowa nchito ali ngati mbalame ya njala. Alipo anthu ogulitsa nchito imene alibe, oti, Perekani zakutizakuti, dzina lanu lilowe. Enanso alonjeza nchito za kunja kwa dziko, natenga ndarama ndi pasipoti, osaonekanso. Alipo a katapila, amene ngongole yao ikula usiku mwini ali m'tulo. Ndipo kwa inu alongo athu ogula nsomba tinena poyera, cingakhale ncocititsa manyazi: pa madoko ena nsomba zikacepa alipo amuna ofuna thupi la mkazi kuti amgulitse usipa. Malonda otere atengera matenda ndi misozi ku nyumba. Gulani pamodzi m'magulu, kuti wina asakupezeni muli nokha. Ndarama za nyanja zibwera msanga, nizipita msanga. Si cabe kuti pa cisumbu ca Mbenji, m'dziko la mfumu Makanjira, lamulo la eni dziko liletsa mowa ndi juga, nilitseka usodzi kuyambira December kufikira April kuti nsomba ziswane. Wolowa nchito ya nyanja awerengeretu miyezi imene khoka lidzakhala pamtunda, nasunge cakudya ca miyezi imeneyo.

Wina adzafunsa, Nanga ndidzadziwa bwanji kuti nchito iyi ndiyo yanga? Ife sitikhulupira kuti mtima udzayamba kukondwa tsiku loyamba. Matuza a m'manja sakondweretsa munthu. Koma ikapita miyezi, dzifunseni ngati mukhoza kuuza ana anu mopanda manyazi kumene ufa wacokera, ndi ngati alipo munthu amene moyo wace wapepuka cifukwa ca manja anu. Ndipo mukadzipeza mulinkulingalira usiku umo mungaikonzere bwino mawa, popanda kapitao wakukuuzani, dziwani kuti nchitoyo yayamba kukhala yanu. Dzina lija munalira lidzabwera lokha, cingakhale lidzakhala lina. Adzati, pitani kwa amisiri aja a mainjini.

Tsopano titembenukire kwa inu eni mudzi, Akristu okhazikika, pakuti nkhani ya pacitsime siinathera pa Mose yekha. Ana akazi aja atafika kwao, atate wao anawadzudzula cifukwa anasiya mlendo kubwalo, nawatuma kukamuitana. Akadapanda nkhalamba imeneyo, Mose akadagona pacitsime. Momwemonso Akula ndi mkazi wace Priskila. Iwo anapitikitsidwa ku Roma ndi lamulo la Kaisara, ngati m'caka ca 49, nafika ku Korinto ali alendo, nayambanso nchito yao yosoka mahema. Pofika Paulo, mlendo mnzao wa luso lomwelo, sanati, Uyu adzatilanda malonda. Anamlandira m'nyumba, nagwira naye nchito pamodzi. Pambuyo pace anasamukanso kunka ku Efeso, ndipo kumeneko osoka mahema aja anakhala aphunzitsi a Apolo, ndi nyumba yao inasanduka posonkhanira mpingo.

Ife tizolowera kufunsa mlendo kalata yace ya mpingo, ndi kumuimika patsogolo kuti anthu amuone. Ndipo tikatero tiyesa kuti tatha. Koma sitimfunsa cimene manja ace adziwa. Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, anatero makolo, ndipo ife tasiya malumo ambiri kucita dzimbiri pa mabenci a m'mbuyo. Wina wa inu ali ndi khonde lopanda nchito loyang'ana ku mseu, loyenera makina osokera. Wina ali ndi dimba limene salitha kulima. Wina adziwana ndi mwini boti wofuna munthu wokhulupirika. Mau amodzi a umboni ocokera kwa inu atsegula khomo limene makalata 10 alephera. Ndipo mukamlemba nchito mlendo, mpatseni malipiro ace athunthu pa tsiku lace, osamcepsa cifukwa alibe mbale womnenera.

Cifukwa cace tipempha akuru a mpingo m'midzi yonse ya ku nyanja, kuyambira ku Chipoka kufikira kwa Makanjira, kuti pa Sabata loyamba la mwezi ukudzawu, mapemphero atatha, atsalire ndi kope ndi pensulo. Alendo onse osowa nchito abwere, anene maina ao, kumene acokera, ndi nchito ziri zonse anagwirapo, zingakhale zazing'ono. Amene ali ndi zipangizo zobwereketsa, kapena malo, kapena afuna womthandiza, atsalirenso, kuti awiriwo aonane maso. Amene kalata yace ya mpingo siinafike asaope, abwere ndithu. Za kalata tidzakamba tsiku lina.