KODI UTOTO UNGASANDUTSE NDEGE YANKHONDO KUKHALA YAMTENDERE?

Anzanga acinyamata, muno m'Chadiza mulibe mudzi umene ulibe mnyamata wodziwa kupinda waya. Mukayenda kucokera pa Boma kupita kwa Mlolo, kwa Zingalume kapena kwa Mwangala mudzakumana ndi magalimoto a waya, mathirakita a dongo, ndi ndege za zitini ndi mapesi a cimanga. Mwa zonsezi cimene cimakopa maso koposa ndi ndege yankhondo, ya mphuno yosongoka, mapiko opendekera kumbuyo ndi timabomba ta mapesi tolendewera kunsi. Ikatha, mwini wake amaipaka utoto umene mtima wake wakonda. Wina amalembapo dzina la mudzi wao, wina amajambulapo mbendera ya dziko longopeka, ndipo wina, pofuna kuonetsa kuti ndi mwana wa mpingo, amaikapo mtanda kapena nkhunda.

Funso limene ndifuna tiganizire pamodzi ndi ili: kodi Mkhristu angapange ndege yankhondo yoseweretsa? Nanga akaipaka zizindikiro za mtendere, kodi yasanduka cinthu cina?

Masewera amenewa sali kwathu kokha. Kutsidya kwa nyanja ngakhale madoda a imvi amawacita. Makampani monga Airfix ya ku Britain amagulitsa tizidutswa ta pulasitiki m'kabokosi, ndipo wogula amatilumikiza ndi guluu. Muyeso wodziwika kwambiri ndi 1:72, ndiye kuti sentimita imodzi pa kandege imaimira masentimita 72 pa ndege yeniyeni. Motero ndege ya MiG-21, imene kutalika kwake ndi mamita pafupifupi 15, imatuluka kandege ka masentimita 21. Ena amatsata utoto weniweni wa gulu lankhondo limene linali ndi ndegeyo, koma ena amapeka utoto wao, monga momwe acitira ang'ono athu kumudzi.

Poyamba tinene zabwino, pakuti zilipo. Mwana amene wapanga ndege ya waya waphunzira kuyeza, kulinganiza mapiko kuti afanane, ndi kuyambanso pamene waya wathyoka. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kumeneku sikuphunziridwa pa bolodi. Pa Eksodo 31 timamva kuti luso la Bezaleli logwira nchito ndi zitsulo, miyala ndi mitengo linacokera kwa Mulungu. Luso la manja si chimo. Ndiponso kandege ka zitini sikanaphepo munthu. Makolo amene amaphwanya zoseweretsa za ana ponena kuti ndi zausatana amaphwanya mphatso imene akanayenera kuilera.

Komabe coseweretsa ciriconse ndi cithunzi ca cinthu cina, ndipo munthu wanzeru amafunsa kuti cithunzico n'ca ciani. Pa 19 Okutobala 1978 ndege za asilikali a Rhodesia zinalowa m'dziko lathu ndi kuponya mabomba pa msasa wa Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, kumene kunali anthu a Joshua Nkomo omenyera ufulu wa Zimbabwe. Anthu mazana ambiri anafa tsiku limenelo. Zina mwa ndegezo zinali za mtundu wa Hawker Hunter, umene opanga tindege ta pulasitiki amautamanda kuti ndi wokongola kwambiri. Amene anali pansi pa mapiko ake tsiku lija sanaone kukongola kulikonse. Pasanapite zaka zambiri Zambia anagula ndege za MiG-21 ku Soviet Union kuti ateteze mlengalenga mwake.

Ife a ku Chadiza sitifunika kupita ku Lusaka kuti tidziwe nkhondo. Nkhondo ya pacibale ya ku Mozambique inayamba mu 1977 ndi kutha mu 1992, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zigawenga za Renamo zinali kudumpha malire ndi kuukira midzi ya m'cigawo cathu ca Kum'mawa. Abale athu ambiri a ku Tete anathawira kuno, ena nakakhala ku msasa wa Ukwimi. Funsani agogo anu za usiku umene anthu anali kugona m'chire poopa kugona m'nyumba zao. Nkhondo imaoneka yokoma kwa amene akuionera patali.

Tsopano tibwere ku nkhani ya utoto. Pa ndege yankhondo yeniyeni utoto uli ndi nchito ziwiri. Yoyamba ndiyo kubisa: ndege imapakidwa mtundu wa mtambo kapena wa chire kuti mdani asaione msanga. Yaciwiri ndiyo kuulula: pamapiko ndi kumcira pamakhala cizindikiro ca dziko, kuti onse adziwe mwini wake ndi amene adzayankhe mlandu wa zimene ndegeyo yacita. Palinso cizindikiro cina copatulika pankhondo, ndico mtanda wofiira pa malo oyera. Mapangano a ku Geneva a mu 1949 amati galimoto, cipatala kapena ndege yonyamula odwala ndi ovulala, ikakhala ndi cizindikiro cimeneci, isaomberedwe. Ndipo kucigwiritsa nchito ponyenga mdani kuti umuphe ndi mlandu waukulu pamalamulo a nkhondo. Cifukwa cake n'coonekeratu. Ndege imodzi ya mabomba ikangobisala kuseri kwa mtanda wofiira, mawa asilikali adzaombera ambulansi iriyonse, ndipo odzafa adzakhala odwala osalakwa. Utoto ndi lonjezo. Wonama ndi utoto amaononga cikhulupiriro cimene cimateteza anthu ena.

Tsono tayang'anani kandege kanu kaja ka mtanda. Mpando ulimo ndi umodzi, wa woyendetsa yekha. Mulibe malo ogonekapo mai wodwala kapena oikapo thumba la cimanga. Pansi pa mapiko pali zokolekapo mabomba. Kapangidwe kake konse kakunena cimene ndegeyo inapangidwira, ndipo mtanda uja sunasinthe kanthu. Ndi cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Ngati mufuna kupanga ndege yankhondo, ipangeni moona, ndipo muzidziwa nchito yake. Mtanda wa Ambuye usakhale cokongoletsera cida cophera anthu, ngakhale pamasewera.

Wina adzati, "Kodi dziko lingakhale lopanda asilikali?" Funsoli n'lomveka. Pa Luka 3 asilikali atafika kwa Yohane Mbatizi, iye sanawauze kuti asiye nchito. Anawaletsa kulanda za anthu ndi kunamizira osalakwa. Tili ndi abale m'gulu la Zambia Air Force amene ndi Akhristu okhulupirika, ndipo tiyenera kuwapempherera. Ndege yao imavala cizindikiro ca Zambia poyera, sinama za cimene iri. Cimene ndikutsutsa si kuteteza dziko ai, koma kukonda cida n'kuiwala munthu amene cidaco cimagwera, ndiponso kuganiza kuti cinthu cimayera pocipaka utoto woyera.

Mtendere weniweni umasintha kapangidwe. Mneneri Yesaya pa mutu 2 anaona tsiku limene malupanga adzasulidwa kukhala zolimira. Lupanga lopakidwa utoto likadali lupanga. Liyenera kulowa m'moto ndi kumva nyundo. Anansi athu a ku Mozambique anacita zimenezi ndi manja ao. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, mfuti zambiri zinatsala zokwiriridwa m'midzi. Mu 1995 bungwe la mipingo ya Cikhristu m'dzikomo, motsogoleredwa ndi Bishopu Dinis Sengulane wa Anglican, linayamba kulandira mfuti ndi kupatsa eni ake makasu, njinga, malata ndi makina osokera. Mfutizo zinadulidwadulidwa, ndipo amisiri anaoccerera zidutswa zake kupanga mipando, mbalame ndi mtengo waukulu wochedwa Mtengo wa Moyo, umene unaonetsedwa ku British Museum ku London mu 2005. Momwemonso mu 1945 Akhristu ena amene anayendetsa ndege pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anayambitsa bungwe la Mission Aviation Fellowship, lonyamula amishonale, odwala ndi mankhwala kumalo osafikika ndi galimoto. Kwathu kuno, Zambia Flying Doctor Service ya ku Ndola inakhazikitsidwa kuti madokotala afike kumidzi yakutali. Luso louluka ndi limodzimodzi, koma ndege zake zili ndi khomo lalikulu ndi malo a macira.

Anzanga, nkhaniyi ikukhudzanso ife eni. Yunifolomu ya kwaya, mpango wa cigwirizano ndi Baibulo la m'khwapa, zonsezi ndi utoto. N'zabwino, koma ndi lonjezo kwa otiona. Mnyamata amene amaimba patsogolo Lamulungu koma Lolemba amamenya mlongo wake, kapena kunyenga mtsikana ndi mau a m'Buku, ali ngati ndege ya mabomba yovala mtanda wofiira. Akaululika savulala yekha. Anthu amaleka kukhulupirira aliyense wovala yunifolomu imeneyo. Pa 1 Samueli 16 Mulungu anakumbutsa Samueli kuti Iye sayesa munthu poona nkhope kapena msinkhu, koma mtima. Pa Mateyu 23 Ambuye anafanizira onyenga ndi manda opakidwa njereza.

Conco pitirizani kupinda waya, ndipo muphunzitse ang'ono anu. Pekani mitundu imene mufuna, pakuti nzeru yopeka zinthu zatsopano nayonso ndi mphatso. Koma musalekere pa utoto. Pa msonkhano wanu wotsatira wa acinyamata yesani kupanga ndege imene ingatere pa bwalo la mpira la pamudzi panu m'nyengo ya dzinja, pamene mitsinje yadzala ndipo galimoto siingadutse, ndi kunyamula mai amene akuvutika pobereka. Mudzaona kuti muyenera kukulitsa mimba yake, kufutukula mapiko ndi kucotsa zokolekapo mabomba zija. Mukatero, pamenepo mungajambulepo mtanda, ndipo udzakhala ukunena zoona.

Ambuye akudalitseni nonse.