Miyala Yogwa ya ku Glendalough

Kum'mwera kwa mzinda wa Dublin, m'mapiri a Wicklow ku Ireland, kuli chigwa cha nyanja ziwiri chotchedwa Glendalough. Mlendo akangolowa pa chipata chakale cha miyala amaona manda mbali zonse, tchalitchi chachikulu chopanda denga, ndi nsanja yobulungira yotalika mamita pafupifupi 30. Amenewa ndi mabwinja a mudzi wa amonke umene Kevin Woyera anayambitsa m'zaka za m'ma 500.

Kevin sanapitireko kukamanga mudzi ayi. Ankafuna malo a zii oti azikapemphera yekha, ndipo akuti ankagona m'kaphanga kam'thanthwe pamwamba pa nyanja yakumtunda, kakang'ono koti munthu sangaimiriremo. Koma anthu anamulondola komweko. Mbiri imati anamwalira mu 618, ndipo pambuyo pake chigwacho chinasanduka malo a maphunziro ndi mapemphero odziwika m'dziko lonselo.

Chimene chimandigwira mtima ine n'chakuti mudziwu sunakhale pa mtendere nthawi yaitali. Achifwamba a pamadzi ochokera ku Scandinavia, otchedwa Vikings, anaufunkha. Moto unaupsereza kangapo konse. Utsi ukatha, amonke ankabwerera, n'kuchotsa phulusa, n'kuyambanso kumanga. Mu 1398 asilikali a Angerezi anauphwasula kotheratu, komabe anthu sanaleke kubwera kudzapemphera, makamaka pa 3 June, tsiku lokumbukira Kevin.

Tsono taonani nsanja ija. Denga lake losongoka linagwa kalekale, nsanjayo n'kukhala yosavindikira, mvula ikulowa mmene ikufunira. Mu 1876 amisiri analimanganso, ndipo anagwiritsa ntchito miyala yomwe ija imene inagwa. Inali ili pomwepo zaka zonsezo, ikudikira manja oti aitole.

Mbale wanga, mwina lero mwadzuka pakati pa mabwinja anuanu. Geni inagwa, mpamba wonse n'kupita. Banja linasokonekera. Kapena pemphero limene kale linkatuluka lokha tsopano likukanika pakhosi, ndipo mwayamba kuganiza kuti zonse zimene munavutikira zinapita pachabe. Sindikuchepetsa ululu wanu; kugwa kumawawa, ndipo ena amene ankadya nanu amayamba kukulambalalani panjira. Koma musafulumire kunena kuti mwatsala manja okhaokha. Luso limene munaphunzira pa geni ija mukadali nalo. Makasitomala awiri atatu amene ankakukhulupirirani sanaiwale dzina lanu. Mwana amene munamulera movutikira akukuyang'anani, ndipo Mulungu amene munkamuitana masiku abwino aja sanasamuke.

Werengani chaputala 4 cha buku la Nehemiya lero. Munthu wina dzina lake Sanibalati ankaseka Ayuda poona kuti akufuna kumanga linga la Yerusalemu ndi miyala yopserera yotola pa milu ya zinyalala. Iwo sanalimbane naye pakamwa. Anapemphera, anaika alonda, banja lililonse n'kugwira chigawo chake, ndipo linga linatha m'masiku 52.

Musanatuluke m'nyumba m'mawa uno, khalani pansi ndi pepala, mulembe zimene zatsala m'manja mwanu, ngakhale zikuoneka zopserera. Mukatero muzitchule chimodzichimodzi pamaso pa Ambuye, muwapemphe akuonetseni choyamba kutola, ndiponso munthu mmodzi woti akuthandizeni kunyamula.