Chiwongolero Chikakhota

Ambiri a ife okhala m'maboma a Balaka ndi Machinga tidakwerapo matola. Pa tsiku la msika, pikapu yokalamba imanyamuka pa Balaka itasenza matumba a chimanga, njinga, nkhuku ndi anthu othithikana kumbuyo. Imawoloka Shire pa Liwonde, ndi kulunjika ku Ntaja ndi ku Nselema. Tikachita mwayi wokhala kutsogolo, timaona chodabwitsa: msewu uli wowongoka, koma chiwongolero chili chopendekera mbali imodzi. Manja a dalaivala sapumula, pakuti galimoto imangodzandira ngati munthu wochokera ku bibida, uku kufuna kudambo, uku kufuna pakati pa msewu.

Tsiku lina tidakhala pa garaja ina ya pansi pa mtengo wa mango, kudikira kuti pikapu yotere ikonzedwe. Mwini wake, ali ndi changu, adati, "Amisiri, ingozulani chiwongolerochi muchibwezere chowongoka. Anthu akundidikira pa siteji." Mmisiri uja, bambo wa imvi, adapukusa mutu nati, "Achimwene, imeneyo ndi ntchito ya mphindi khumi, koma ndikhala nditakunamizani. Chiwongolero sichidalakwe. Nthenda ili pansi."

Tiyenera kumvetsa zimene bamboyo ankatanthauza. Chiwongolero chimalumikizana ndi ndodo yachitsulo yotsikira ku kabokosi ka magiya. Kuchokera pa kabokosiko, zitsulo zina zimene amisiri amati matayirodi zimakankha kapena kukoka matayala akutsogolo. Pokumanira zitsulozi pali mfundo zozungulira zodzozedwa girizi. Fumbi la chilimwe, matope a dzinja, maenje a mumsewu ndi katundu wopyola muyeso zimadya mfundozi pang'onopang'ono. Iliyonse imagwedera pang'ono chabe, koma kugwederako kukaphatikizana, dalaivala amapotoza chiwongolero matayala osamva msanga. Kudzandira kuja kumachokera pamenepo. Ndipo tayala likagunda dzenje mwamphamvu, tayirodi imapindika, chiwongolero n'kukhala chokhota.

Tsono kabokosi kaja kali ndi pakati pake, pamene magiya amagwirana bwino koposa, pakuti adakapanga kuti galimoto izikhazikika poyenda molunjika. Munthu akangozula chiwongolero ndi kuchibwezera chooneka chowongoka, kabokosi kamatsala kali pambali pa malo ake. Maso amakondwa, koma galimoto imadzandirabe, matayala amadyeka mbali imodzi, ndipo pokhota imafika patali mbali ina kuposa inzake.

Mmisiri uja adayamba ndi kuyesa mpweya wa m'matayala. Kenaka adakweza galimoto pa jeke, nagwedeza tayala lililonse ndi manja awiri, mnyamata wake atagona pansi kuyang'ana mfundo imene ikugwedera. Adachotsa yakutha naika ina. Adapotoza chiwongolero kuchokera kumapeto ena kufika kumapeto ena, nawerenga kuti chazungulira kanayi. Adachibweza kawiri, ndipo pamenepo ndiye pakati penipeni. Atachimanga kuti chisasunthe, adakoka chingwe kuchokera ku matayala akumbuyo kufika akutsogolo, napotoza matayirodi mpaka matayala adalunjika, kutsogolo kwake kutayandikana mamilimita ochepa. Dzuwa lidapendeka ntchito isanathe.

Zimene tidaona pansi pa mtengo uja zikutipatsa funso lofunika pa moyo wa mkhristu aliyense. Kodi munthu akachita zimene mtima wake ukumuuza kuti n'zabwino, ndiye kuti walungama?

Eklezia amatiphunzitsa kuti chikumbumtima ndi chinthu chopatulika. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, umene udatha m'chaka cha 1965, udaphunzitsa kuti m'kati mwa mtima wa munthu ndimo amakumana ndi Mulungu payekha, ndipo palibe woyenera kumkakamiza kuchita zotsutsana ndi chikumbumtima chake. Thomas Aquinas Woyera, kale m'zaka za m'ma 1200, adanena kuti munthu amachimwa akachita zimene chikumbumtima chake chikumuletsa, ngakhale chikumbumtimacho chitalakwa. Koma onse awiriwa adachenjezanso kuti amene sadziwa choona chifukwa chosalabadira kuchifunafuna, kapena chifukwa chozolowera tchimo, sangathawe mlandu. Chikumbumtima ndicho chiwongolero cha moyo wathu: tilibe china chogwira. Komabe chiwongolero chingathe kuoneka chowongoka galimoto ikulowera kutchire.

Taganizani za wogula mbewu amene wakonza sikelo yake kuti izibera mlimi. Tsiku loyamba mtima umagunda, usiku tulo osabwera. Pamenepo chiwongolero chakhota, ndipo kukhotako ndi chaulere cha Mulungu, pakuti kukumuuza kuti pansi pali chimene chapindika. Munthuyo ali ndi njira ziwiri. Angathe kukonza sikelo ndi kubweza zimene adaba. Kapena angathe kudziuza kuti aliyense akutero, kuti malonda ndi choncho, kuti naye ali ndi ana asukulu. Akasankha njira yachiwiriyi, wazula chiwongolero ndi kuchibwezera chowongoka. Chaka chikamatha amalandira Ukaristia mtima uli zii, alimi akulirabe.

Tisaloze chala wogula mbewu yekha. Bambo amene amathera ndalama za thonje ku mowa amati akupumula atagwira ntchito. Wa mu ofesi amene amalandira chiphuphu amachitcha kuthokoza. Wokongoza katapila amati akuthandiza osauka. Ife tomwe miseche timaitcha kucheza. Tikasintha dzina la tchimo, mtima umaleka kutivutitsa, koma tchimo silileka kuwononga. Ndipo monga mfundo za galimoto zija, palibe chimodzi chimene chimaoneka chachikulu: kabodza apa, kaulesi pa mapemphero apo, kachidani kosungidwa. Zonsezi zikaphatikizana, munthu amafuna zabwino koma moyo wake sumvera.

Mfumu Davide, atatenga mkazi wa Uriya ndi kuphetsa mwamunayo ku nkhondo, adapitiriza kuweruza milandu ya anthu ena mtima uli m'malo. Adazindikira kulakwa kwake pokhapokha mneneri Natani atamfotokozera nkhani ya munthu wolemera amene adalanda kankhosa ka mmphawi. Wokhala pa chiwongolero saona pansi pa galimoto. Pafunika wina wogona m'fumbi amene anganene mfundo imene ikugwedera, ndiponso pafunika chingwe chowongoka chochokera kunja kwa ife. Chingwe chathu ndi Mawu a Mulungu ndi chiphunzitso cha Eklezia. Amisiri athu ndi wansembe pa sakramenti la kulapa, anzathu a mu mphakati, ankhoswe, mkazi kapena mwamuna wathu amene amatidziwa koposa onse. Makolo adati wakutsina khutu ndi mnansi.

Ntchito yogona pansi pa galimoto imadetsa, ndipo nthawi zina imaika moyo pa chiswe. Ife a kuno tikudziwa zimenezi. Pa 8 March 1992 m'matchalitchi onse a Katolika m'Malawi mudawerengedwa kalata ya maepiskopi yonena za umphawi, chilungamo ndi ufulu wolankhula. Dziko lidali litazolowera kutcha chokhota kuti chowongoka. Kalatayo idasindikizidwa ku Balaka konkuno kwa ansembe a Montfort, ndipo posakhalitsa nyumba yosindikizirayo idatenthedwa ndi anthu okwiya. Komabe nthenda idali itatchulidwa dzina, ndipo m'chaka cha 1993 Amalawi adavota kusankha njira yatsopano.

Pali cholakwa chinanso chimene mmisiri uja adatichenjeza. Pamwamba pa kabokosi ka magiya pali kasikuluwu kochepetsera kugwedera. Ena, pofuna kuthetsa kudzandira msanga, amakamanga kopitirira muyeso. Chiwongolero chimauma, ndipo galimoto ikatha kukhota sichibwerera chokha pakati. Chomwechonso alipo akhristu amene amaona tchimo paliponse, osakhulupirira kuti Mulungu adawakhululukira. Alipo makolo amene amalanga ana mpaka anawo amaopa kunena zoona. Mtima womangidwa ndi mantha ukalakwa, umavutika kubwerera. Kuwongola chikumbumtima kumafuna kudekha ndi chifundo, monga momwe Ambuye amachitira ndi ife.

Tikumbukirenso kuti ngakhale galimoto yokonzedwa bwino siyenda yokha. Misewu adaimanga yopendekera pang'ono m'mbali kuti madzi a mvula azitsika, motero ife oyenda kumanzere timamva galimoto ikukokera pang'ono kumanzereko. Dalaivala wanzeru sasiya chiwongolero. Nafenso, ngakhale titalapa dzulo, dziko limatikokabe lero. N'chifukwa chake mwambo wakale wodzifunsa madzulo tisanagone uli wofunika m'banja lililonse: lero ndalakwira yani, ndanama pati, ndi chiyani chimene kale chinkandichititsa manyazi koma tsopano sichindivuta? Funso lomalizali ndilo lotiululira pamene tidazula chiwongolero.

Mwini pikapu uja adadandaula kuti ndalama za tsiku lonse zapita. Mmisiri adangomulozera kumbuyo kwa galimoto, kumene amayi awiri adali kuyamwitsa ana podikira ulendo, nati, "Achimwene, simuyenda nokha." Tonsefe tili ndi amene tawanyamula: ana, adzukulu, ophunzira, antchito athu. Iwo sagwira chiwongolero, koma tikagwera m'dzenje amavulala limodzi nafe. Lamulungu likudzali, tisanayandikire ku guwa, tipemphe Mzimu Woyera atipatse kulimba mtima koima pambali pa msewu ndi kulola kuti ationere pansi.