Kuona maso a nkhono n'kudekha

Makolo adaona kuti nkhono situlutsa nyanga zake kwa munthu wa phuma. Ukaigogoda imabwerera m'chigoba. Ukakhala phee, imatuluka yokha. Mwambiwu ukutiphunzitsa kuti zobisika zimaoneka kwa munthu wopenya modekha.

Woweta chinkhwe ayenera kuusunga mwambiwu. Kutchire, mbalame yooneka yofooka ndiyo imayamba kugwidwa ndi zilombo, choncho chinkhwe chimabisa matenda ngakhale chili pakhomo. Chikayamba kufufumitsa nthenga, kuwodzera masana kapena kukhala pansi m'khola, matenda amakhala atapita kale patali.

Wodekha amayang'ana zitosi m'mawa uliwonse, ngati zasintha mtundu kapena zachita madzi. Amachiyeza pasikelo ya magalamu sabata iliyonse, poti nthenga zimaphimba kuwonda. Sachidyetsa mpendadzuwa wokhawokha, womwe uli ndi mafuta ambiri koma wosowa vitamini A. Amawonjezera masamba, karoti ndi papaya. Mapeyala ndi poizoni kwa chinkhwe, ndipo mtedza wa chuku umawononga chiwindi ndi mapapo.

Chinkhwe chatsopano chizikhala pachokha masiku osachepera 30. Matenda a psittacosis amafala kudzera m'fumbi la zitosi zouma ndipo amagwiranso anthu, monga zidachitikira ku Ulaya ndi ku America mu 1929 ndi 1930.

Musadikire kuti chinkhwe chigwe pamtengo wake. Pitani nacho kwa dokotala wa ziweto kamodzi pachaka, ngakhale chikuoneka chathanzi.